Maso Awiri mu Mtengo wa Maudie

Usiku wa Lachisanu, mwezi usanatuluke kuseri kwa mapiri a Kentucky, a Hobart Sizemore ndi Arlis Combs anaima pansi pa mtengo waukulu wa thundu m'mbali mwa kamtsinje, nkhope atalozetsa kumwamba, nyali zapazipewa zikusesa nthambi. Maudie, galu wokalamba wa a Hobart, anali atatsamira tsinde ndi miyendo yakutsogolo akuuwa modukiza, kauwidwe kamene mlenje aliyense wa m'chigwamo amadziwa kuti kakunena kuti rakuni, nyama yausiku ya mchira wamizeremizere, wakwera muno.

"Uyo apo," anatero a Hobart. "Wamuona?"

"Ayi, bambo."

"Sunayang'ane n'komwe."

"Ndayang'ana. Ndaona masamba."

"Masamba. Zikomo kwambiri. Ndakutenga pakhomo pa amayi ako, ndakukweza m'galimoto yanga, ndakumwetsa khofi wanga, zonsezo kuti udzandiuze kuti mtengo uli ndi masamba."

"Ochepa, bambo. Ambiri anayoyoka."

A Hobart analavula malovu a fodya amene ankatafuna, n'kukonza mfuti paphewa.

Arlis sanabwerere rakuni. Chimene chinamubweretsa kutchire chinali kumugundagunda m'chifuwa kuyambira madzulo, ngati mbalame yotsekeredwa m'nyumba. Mawu opempha a Hobart kuti akwatire Twila, mwana wawo wamkazi, anali atawayeseza sabata yonse pamaso pa ng'ombe za amayi ake, ndipo ng'ombezo sizinakane. Lolemba m'mawa basi ya ku Dayton imadutsa pamsewu waukulu, ndipo amalume ake anali atamupezera kale ntchito ku fakitale kumeneko. Akuluwa akavomera, Arlis atsala, amange kanyumba kumtunda kwa kasupe kumene Twila amakonda kukhala dzuwa likamalowa. Akakana, akwera basiyo, chifukwa kukhala m'chigwa chimodzi ndi Twila n'kumangomupatsa moni kutchalitchi sakanakwanitsa.

Vuto linali lakuti Arlis sankatha kunama. Sikuti ankadziona woyera, bodza linkangomukakamira pakhosi. Anauzapo abusa kuti ulaliki wawo unatalika, iwo atachita kumufunsa okha. Twila ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake dzulo lake, kuseri kwa khola, anamugwira malaya ndi manja onse awiri n'kumunong'oneza zinthu ziwiri. Choyamba: "Bambo akaloza m'mwamba, iwe ungoti eya." Chachiwiri chinali cha Skeeter, kagalu ka makutu aatali kamene Arlis anabwera nako usikuwu. Kanali kamwana ka Maudie, kowonda kuposa abale ake onse, kamene a Hobart analamula chaka chatha kuti kakatayidwe. Twila anakabisa kwa a Combs n'kumakaphunzitsa kusaka mozemba. "Usawauze," anatero, tsitsi lake likununkhira utsi wa nkhuni ndi maapozi. Panthawi imeneyo Arlis akanalonjeza ngakhale kuuluka.

"Kagalu kako kaja kalowera kuti?" anafunsa a Hobart.

"Kawoloka kamtsinje, bambo."

"Kapita kukasaka achule. Kasiye, aliyense ali ndi mphatso yake. Tsopano tsata chala changa. Pamene nthambi yaikulu ija yagawikana, kumtunda kwake pang'ono. Maso awiri, akuwala."

Arlis anatsata chalacho. Anakumbukira manja a Twila pamalaya ake.

"Eya," anatero.

"Ehee. Eya chiyani?"

"Eya, mwaloza."

"Ndaloza chiyani?"

"Nyenyezi, bambo."

"Nyenyezi."

"Ziwiri. Zokongola ndithu."

"Koma ndiye ndapeza mlenje. Ine ndinayamba kusaka bambo ako akuyamwa chala, lero mwana wawo akundiuza kuti galu wanga wathamangitsira nyama kumwamba kwa Mulungu."

"Zatalikirana kwambiri, bambo. Akanakhala maso, mutu wake ukanakula ngati galimoto yanu."

"Ndi wamkulu."

"Wamkulu choncho tikanamumva akupuma."

"Wagwira mpweya. Ndi wochenjera. Maudie salimbana ndi tiana. Bwera uime pamene ndaima ine."

Arlis anabwera.

"Wandiponda."

"Mwati pamene mwaima inu."

"Ndimayembekeza kuti undilola ndichokepo kaye."

Anasinthana malo. Arlis anapendeka mutu uku, anapendeka uko, anatsinzina diso limodzi monga anachitira a Hobart. Ankafunitsitsa kumuona rakuniyo. Palibe munthu m'dziko lonse la Kentucky amene anafunapo rakuni ngati mmene Arlis ankamufunira usiku umenewo.

"Nanga tsopano?"

"Zikuoneka bwino kuchokera pano, bambo. Munasankha malo abwino."

"Zikuoneka."

"Nyenyezizo. Bwanji tizimitse nyali?"

"Kuti tione bwino mumdima. Nzeru za kusukulu zimenezo."

"Maso a rakuni amawala pokhapokha nyali ikawawomba. Tikazimitsa, maso azima. Nyenyezi sizizima."

A Hobart ankazidziwa zimenezi kuposa munthu aliyense m'chigwamo, choncho anatenga nthawi yaitali akupapasa pozimitsira nyali yawo, ngati chipewacho achibwereka lero. Potsiriza mdima unagwa bii. Kamtsinje kanamveka kakudzilankhulira pamiyala. Pamwamba pa nthambi yogawikana ija timoto tiwiri tinapitiriza kuwala, mopanda manyazi.

"Zikadalipo, bambo."

"Ndikuona."

"Ndiye kuti..."

"Ndiye kuti wasunga kuwala. Rakuni wokalamba amatero. Amamwa kuwala kwa nyali n'kukusunga m'maso."

"Sindinamvepo zimenezo."

"Zimene sunamvepo zingadzaze nkhokwe. Yatsa."

Anayatsa. A Hobart anapatsira Arlis mfuti, anapinda manja pakamwa, n'kulira ngati rakuni amene wagwidwa ndi agalu. Amatero alenje kuti wamumtengo asuzumire pansi kuona amene zamuvuta. Phokoso lake linali ngati chitseko chadzimbiri chikukangana ndi mphaka. Kutali, kuphiri, kadzidzi anayankha.

"Wamva? Wayankha."

"Kadzidzi, bambo."

"Rakuni amatsanzira."

"Kuchokera kuphiri uko?"

"Amaponya mawu. Bweretsa mfuti yanga, ungadziwombere phazi n'kundiuza kuti ndi nyenyezi yakugwera."

Maudie anatsitsa miyendo, anazungulira kawiri, anayasamula, n'kugona pamasamba.

"Maudie wagona, bambo."

"Akuganiza."

"Akuliza mkonono."

"Amaganiza mokweza. Galu ameneyu sananamepo chibadwire, iwe. Akati alimo, alimo."

"Chilimwe chathachi anakwezera mumtengo mphaka wa amayi a Fugate."

"Mphaka ameneyo ankayenda ndi arakuni. Fungo linamusokoneza aliyense."

"Ndi tsiku lija anauwa mtengo wa magetsi."

"Unakwera kukaona?"

"Ayi."

"Ndiye usamanenere galu zimene sukuzidziwa. Ngati maso ako akukanika ali pansi, kwera. Tiye, kwera ukamugwire chanza."

Anangonena mowopseza. Koma Arlis anakoleka jekete pachitsamba, analavulira malovu m'manja, n'kukumbatira tsinde. Anali atafika kale pa nthambi yoyamba pamene a Hobart anazindikira chimene chingachitike munthu wosanama akafika pamwamba penipeni.

"Ukupita kuti?"

"Mwati ndikwere."

"Tsika."

"Ndatsala pang'ono, bambo. Ndikafika pogawikana paja tidziwa zoona zake."

"Ndati tsika. Umuopseza. Nyama yakhala mwaulemu m'nyumba mwake, iwe ukufuna kulowa osaodira."

Arlis anatsetsereka, makungwa atamudzaza malaya. A Hobart anatsegula botolo la khofi, anathira pachivundikiro, anamwa okha.

"Ukudziwa chimene ndatengera iweyo, kusiya anthu anzeru?"

"Ayi, bambo."

"Loweruka lapitali, pakhonde la sitolo, Coy Napier ananena pagulu kuti mphuno ya Maudie inafa. Akuti masiku ano amauwa mtengo uliwonse umene wangoima mowongoka. Ine ndinati ndibwera ndi mboni. Iye anati mboniyo ikhale Arlis Combs, poti ndiye yekha m'chigwa muno amene mlenje sangamugule ndi khofi."

"Ananena zoona."

"Ndazindikira, n'chifukwa chake sindikukuthirira. Mawa ukaima pakhonde paja, ukanena kuti unaona rakuni mu mtengo wa Maudie."

"Ndikamuona, ndikanena mokweza kwambiri."

"Ukamuona. Mulungu andithandize."

Arlis anaona ngati nthawi yake ndi yomweyi, poti yabwino kuposa apa sinkaoneka kuti ibwera. Anavula chipewa, kuiwala kuti nyali ili pomwepo, ndipo kuwala konse kunagwera pansapato zake.

"Bambo Sizemore, pali nkhani ina imene ndimafuna..."

"Vala chipewa. Rakuni sali pansapato zako."

"Ndi nkhani ya Twi..."

"Mnyamata, kwanu sanakuphunzitse? Pansi pa mtengo sitilankhula nkhani ina mpaka mtengowo titauweruza. Anthu awiri agwirizane, alimo kapena mulibe. Kaya munthu afe, kaya nyumba ipse, timayamba tamaliza mtengo."

Lamulolo silinali la a Hobart okha. Ngakhale bambo ake a Arlis anamva mochedwa kuti mwana wawo wabadwa, chifukwa wodzawauzayo anawapeza pansi pa mtengo, ndipo anaima nawo n'kuthandiza kuunika.

"Ndiye tiweruze kuti mulibe, bambo."

"Tiweruze kuti alimo."

"Koma mulibe."

"Ndiye tigona pano. Ine nthawi ndili nayo. Sindine amene ndikudikira basi." A Hobart anasendera pafupi, mawu awo anafewa mokayikitsa. "Usandiyese wopusa. Munthu sadzola mafuta onunkhira m'tsitsi popita kosaka. Agalu akhala akuyetsemula kuyambira m'galimoto. Ndikudziwa chimene ukufuna. Ndipo ndikuuze chinsinsi: munthu amene wangoona rakuni mu mtengo wa galu wanga amandipeza mtima utafewa ngati batala. Atapempha ng'ombe, ndingamupatse. Atapempha china choposa ng'ombe, kaya. Wandimva?"

Arlis anamva. Anayang'ana nyenyezi ziwiri zija, ndipo anaona zenera la Twila, nyali ili chiyakire, iye atakhala pamenepo wosagona, khutu lili kumsewu kumene galimoto idzabwerere. Anaona basi ya Lolemba, mpando wozizira, mapiri akuchepa kumbuyo. Pakati pa zenera ndi basiyo panali mawu amodzi okha, aafupi, amene alenje a m'chigwamo amawanena Loweruka lililonse osatuluka thukuta.

"Ndikuona..."

"Ehee."

"Ndikuona..."

"Tiye nazo, mwana wanga, usaope."

"Ndikuona kuti mukufunitsitsa kuti akhalemo."

A Hobart anakhala pamuzu pang'onopang'ono, n'kuika mfuti pamiyendo.

"Ku Dayton akuti kumazizira," anatero. "Usakaiwale jekete."

Arlis anaima manja ali lende, akudzida kuyambira tsitsi lonunkhiralo mpaka kuzidendene. Ndiye kutsidya kwa kamtsinje kunamveka kulira kwa galu, kwakutali, kosalala ngati belu la tchalitchi chakutali. Kunamveka kachiwiri. Kenako kunaduka n'kusanduka kuuwa kwafupikufupi, kosalekeza.

"Achule akwera mumtengo," anatero a Hobart.

Arlis anatembenuka, ndipo nyali yake inawoloka madzi n'kukagwera pa kamtengo ka pesimoni kodzaza ndi zipatso zakupsa. Skeeter anali ataimirira patsinde, makutu akuuluka. Pa nthambi yachiwiri maso awiri anayaka psuu ngati makala. Anali pankhope yamzere wakuda ngati ya wakuba, ndipo pansi pake mchira wamizeremizere unali lendelende.

"Bambo. Rakuni."

A Hobart anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali, nsagwada zitasiya kutafuna.

"Nyenyezi," anatero.

"Kumbuyo kwake kuli phiri, bambo. Nyenyezi siziwala kutsogolo kwa phiri."

"Zatsika. Nyengo ino zimatsika."

"Zikudya pesimoni."

"Maso ako akuyamba zachilendo, mnyamata. Poyamba samaona kanthu, tsopano akuona zinthu zikudya."

"Zalavula njere. Tizimitse nyali ngati poyamba paja."

Arlis anazimitsa yake, n'kuphimba ya a Hobart ndi chikhatho. Kutsidya kunada bii, popanda kamoto ngakhale kamodzi.

"Zazima."

"Mtambo wadutsa."

Anasendeza chikhatho pang'ono, n'kuyatsanso nyali yake. Makala awiri aja anayakanso.

"Zabwerera."

"Wapita mtambowo. Chotsa dzanja pankhope panga."

"Ndikuganiza kuti anakwera thunduyu pang'ono, bambo, kusiya fungo patsinde, n'kulumphira m'madzi, n'kuwoloka. Amatero akafuna kupusitsa galu."

"Galu wopusa."

"Eya, bambo."

"Apa ndiye waona poti unenere eya."

Koma a Hobart sanapitirize. Anali atapendeka mutu, khutu lili kutsidya. Mlenje wa rakuni amatha kuiwala tsiku lobadwa la mkazi wake, koma mawu a galu sawaiwala, ndipo m'kuuwa kwa Skeeter munali kanthu kena, kakugwedera kumapeto kwa liwu lililonse, kamene iwo anakamva komaliza Maudie akadali ndi mano onse.

"Mawu amenewo ndikuwadziwa," anatero pang'onopang'ono. "Galu ameneyu unamutenga kuti?"

"Sindinganene, bambo."

"Unaba?"

"Ayi. Ndinalonjeza."

"Unalonjeza ndani?"

"Twila."

"Ha. Unamulonjeza chiyani?"

Arlis analiona dzenjelo. Analiona bwinobwino, kukula kwake ndi kuya kwake, n'kulowamo maso ali tong'o.

"Kuti sindikuuzani kuti ndi kamwana ka Maudie kaja munati kakatayidwe."

Kamtsinje kanapitiriza nkhani yake pamiyala. A Hobart anadzuka, anasasa masamba pabuluku, anatsokomola.

"Ndimadziwa."

"Mumadziwa?"

"Magazi a Maudie amenewo. Ndinangomuona tsiku lobadwa, ndinati uyu ndiye galu."

"Munati ndi khoswe wamakutu."

"Ndinkamuyesa Twila. Tsono waona mmene agwirira ntchito? Mayi walondera mtengo uno kuti nyama isabwerere, n'kutuma mwana kutsidya. Banja logwirizana. Mawa m'mawa galu wangayo abwerere kwawo."

"Si wanu, bambo. Munamutaya. Anatola ndi Twila."

"Twila ndi wanga, ndiye zimene watola ndi zanga."

"Anandipatsa ine. Anati mukakana, ndipite naye ku Dayton, ndikakhale ndi kanthu kondikumbutsa iye."

"Ku Dayton. Galu wa mawu amenewo, ku Dayton. Akakwezera ndani mumtengo kumeneko, wonyamula makalata?"

"Amalume ali ndi khonde. Ndizikamumanga pamenepo ndikamapita kuntchito."

"Pakhonde." A Hobart anagwira pachifuwa ngati wina wawabaya. "Sakanakupatsa mpango ngati atsikana ena? Mpango umakumbutsa bwino ndithu, sufuna chakudya."

"Anati galu."

"Mwana ameneyu anatengera amayi ake, amadziwa pomenya. Nanga nditavomera?"

"Ndiye sindipita. Timanga kumtunda kwa kasupe. Skeeter akamauwa muzimumva muli pakhonde panu."

"Ndipo Lachisanu lililonse tizisaka naye..."

"Twila akalola."

"Alola, ndine bambo ake. Nanga ukudikira chiyani? Pempha."

"Mtengo sitinauweruze, bambo."

"Tauweruza. Uko. Alimo, tonse tamuona, wonenepa, akudya. Za nyenyezi zija ndimangocheza. Pempha."

"Umenewo ndi mtengo wa Skeeter. Ife taima pansi pa wa Maudie."

"Ndiye tisendere uko."

"Sitichoka pamtengo tisanauweruze. Mwati kaya munthu afe, kaya nyumba ipse."

"Ndanena zimenezo ine?"

"Musanandiuze za batala."

"Lamulo limenelo ndi la anthu akale, osadziwa zinthu."

"Bambo anga anamva mochedwa kuti ndabadwa chifukwa cha lamulo limenelo."

"Ndipo sanaphonye zambiri. Tamvera, mnyamata. Tinene kuti mtengo uwu ndi wokayikitsa. Masamba achuluka, sitinathe kuona bwino. Alenje amatero."

"Masamba ndi ochepa, bambo."

"Tinene kuti uli ndi mphako, walowa m'mphako."

"Ndaukumbatira ndekha. Ulibe mphako."

"Ndiye mawa pakhonde paja ukamuuza chiyani Coy Napier?"

"Chimene tigwirizane pano."

A Hobart anayang'ana Maudie, atagona mphuno pakati pa miyendo, nthiti zikukwera ndi kutsika. Anayang'ana kutsidya, kumene belu laling'ono lija linkalirabe osatopa. Anayang'ananso Arlis, ndi maso a munthu amene akuwerengera Makhirisimasi onse amene adzadye ndi mkamwini wotereyu. Arlis ankamva kuti moyo wake wonse wapachikika pa nthambi yowonda, ndipo amene angaigwedeze wavala chipewa chanyali ndipo wakwiya.

Kenako akuluwo anatsamiritsa mfuti patsinde. Anagwada, mawondo akulira thethethe, n'kuphimba makutu a Maudie ndi manja onse awiri.

"Mulibe," ananong'ona.

"Sindinamve, bambo."

"Mulibe. Ndi nyenyezi. Ziwiri, zokongola ndithu. Wakhutira? Tsopano pempha, mawondo anga akutha."

Chimwemwe chinamukwera Arlis mpaka kumakutu, ndipo mawu onse amene ng'ombe zinawavomereza anabalalika. Anakweza nkhope kuti awatolere. Mwezi unali utangosuzumira pamwamba pa phiri, nthambi zonse zitasanduka siliva. Ndipo pogawikana paja, pansi penipeni pa nyenyezi ziwiri zija, kamutu kanatuluka kuseri kwa nthambi, kofuna kudziwa chifukwa chimene phokoso latheramo. Nyali ya Arlis inakawomba. Makala ena awiri anayaka, oyandikana bwinobwino, ndipo anaphethira.

"Bambo Sizemore."

"Ndavomera kale, mutenge. Koma nena mawu ake, ndikufuna ndiwamve."

"Mu mtengo wa Maudie muli rakuni."

"Usandisangalatse, mnyamata. Nthawi yake inali ija."

"Sinditha kusangalatsa munthu, bambo, mukudziwa. Ali pomwe munaloza paja, kumunsi pang'ono. Akutiyang'ana."

"Tauweruza mtengowu."

"Watembenuka tsopano. Ali ndi mchira."

Khosi la a Hobart linagwedezeka, kufuna kudzuka lokha. Koma munthu amene sanabwezepo mawu chibadwire anali atangowabweza kumene, atagwada, pamaso pa mwana wa a Combs, ndipo kawiri usiku umodzi sizikanatheka. Anakanikiza manja pamakutu a galu, maso ali pansi.

"Iwe pempha msanga," anatero. "Ine ndakalambira m'nkhalango muno. Ukuganiza kuti nyenyezi ndikaiona sindingaidziwe?"